CHENJEZO: Mbendera si sanza, ndipo pa 6 July musamatayirire ana

Makolo anzanga, aphunzitsi, ndi inu ana a sukulu amene mwabwereka foni ya amayi anu, tcherani khutu. Ndakhala chete nthawi yaitali, koma zimene ndinaona Lolemba lapitali zandisowetsa tulo.

Ndinaperekeza mdzukulu wanga kusukulu poti mtsinje unali utadzaza. Tinafika asembule itangoyamba. Nditakweza maso pamlongoti, mtima unandiwawa. Mbendera inali yosuluka, chakuda chija chitasanduka ngati phulusa, m'mphepete ulusi uli lendelende. Choipitsitsa, anaikweza mozondoka, chobiriwira pamwamba, dzuwa lili pansi likuyang'ana dothi. Aphunzitsi anali ndandanda pomwepo koma palibe anatekeseka. Nyimbo ya fuko itayamba, anyamata akumbuyo ankatsinana, wina ali kalikiliki kutafuna nzimbe, ndipo mphunzitsi wina anazemba n'kukayankha foni kuseri kwa mtengo wa mango. Nyimbo imene ija, imene anapeka a Michael Sauka, ndi pemphero. Kodi kutchalitchi kapena kumzikiti mumayankha foni pemphero lili mkati?

Pomutenga masana ndinamufunsa mdzukulu uja, yemwe ali Sitandade 6, kuti chofiira cha pambendera chimaimira chiyani. Anayankha mosakayika n'komwe: “Agogo, ndi cha Flames.” Sindinamukalipire. Ndikanamukalipira bwanji pa chinthu chimene ine, bambo ake ndi aphunzitsi ake sitinamuuze? Mlanduwu ndi wathu akuluakulu.

Ndiye ana inu, imvani. Mbendera imeneyi inakwera koyamba pa 6 July 1964, pamene ya Angerezi inatsika ndipo Nyasaland inakhala Malawi. Chakuda ndi ife eni dziko, chobiriwira ndi zomera za m'dziko lathu, dzuwa lotuluka lija, la cheza 31, likunena kuti kwacha. Mu 2010 boma la a Bingu wa Mutharika linaisintha n'kuikapo dzuwa loyera lathunthu, anthu anadandaula, ndipo mu 2012 aphungu anabwezeretsa yakale. Mtundu wonse sungakangane zaka ziwiri pa kansalu wamba.

Tsono chofiiracho ndi magazi, ndipo apa ndichedwapo, poti 3 March wayandikira. M'bandakucha wa pa 3 March 1959, bwanamkubwa Robert Armitage analamula kuti atsogoleri a Nyasaland African Congress amangidwe chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu anadzutsidwa kutulo n'kuponyedwa m'malole. Dr Kamuzu Banda anawatengera kundende ya Gwelo, kumene lero timati Gweru ku Zimbabwe. Ku Nkhata Bay omangidwawo anawakweza m'sitima ya Mpasa, ndipo abale awo anakhamukira kudoko kukapempha kuti awamasule. Asilikali anawombera khamulo, anthu osachepera 20 n'kufera pomwepo. Bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi woweruza Patrick Devlin linawerenga anthu 51 ophedwa m'dziko lonse pa nthawi ija. Mayi Rose Chibambo, amene nkhope yawo ili pa K200 imene mumakwinyakwinya pogula zitumbuwa, anawatsekera ku Zomba ali ndi khanda la masiku ochepa m'manja. Lero tsiku limenelo ena mwalisandutsa la mowa ndi zimbale zaphokoso, ana ali pomwepo, n'kumakula akudziwa kuti 3 March ndi holide basi.

Musandimve molakwa. Ndinakula m'masiku amene pa 3 March munthu sunkagwira khasu, wailesi inkangoimba nyimbo zachisoni, ndipo ukapezeka ukusangalala achinyamata achipani ankakugwira. Ambiri tinkakhala chete chifukwa cha mantha, ndipo mantha amenewo sindikuwafunanso. Tinawakana tokha pa referendamu ya pa 14 June 1993. Koma tsiku lija sitinavotere mwano. Palibe amene akukukakamizani kulira. Ndikungoti khalani pansi ndi mwana wanu mphindi khumi, mumuuze za doko la Nkhata Bay. Pa 15 January chimodzimodzi, muonetseni nkhope ya John Chilembwe pa K500, mumuuze za 1915 ndi za ku Mbombwe ku Chiradzulu. M'mera mpoyamba.

Chachiwiri ndi choopsa kuposa mbendera yong'ambika, ndipo ndichinene pasadakhale July asanafike. Pa 6 July 2017, dziko likukondwerera zaka 53 za ufulu wodzilamulira, anthu anaunjikana pazipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe kuyambira m'mamawa, pofuna kudzaonera zisangalalo ndi mpira wa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Zipata zinachedwa kutsegulidwa, anthu anayamba kukankhana, apolisi anathira utsi wokhetsa misozi, ndipo pampanipani umenewo anthu 8 anafa, 7 mwa iwo ana. Makolo a ana amenewo sindikuwaloza chala, misozi yawo ndi yathu tonse. Ndikudzudzula ife amene tinaona zimenezo koma mpaka lero sitinaphunzire.

Chaka ndi chaka ndimaona lole itadzaza ana, ena atakhala pamwamba pa bodi miyendo ili lendelende, akuimba, akupita kuchikondwerero popanda wamkulu wowawerenga. Mayi amangoti “pita ndi anzako,” n'kumupatsa mwana wa zaka 9 mlongo wake wa zaka 4 kuti amugwire dzanja pakati pa anthu zikwizikwi. Mwana alibe madzi, sanadye, sadziwa nambala ya foni ya kholo lake. Khamu likayamba kukankhana, wamkulu amapumira m'mwamba, mwana ali pansi pa zifuwa za anthu, saoneka ndipo akalira samveka. Ngati simungapite naye, asapite, amvere pawailesi. Ngati mwapita naye, musaime pafupi ndi chipata chotseka, mulembereni nambala yanu pakapepala n'kumuika m'thumba, ndipo mukaona anthu ayamba kupanikizana bwererani, mpirawo mudzaonera tsiku lina. Inunso akuluakulu okonza miyambo, lekani kuimika ana padzuwa kuyambira 7 koloko kudikira mlendo wolemekezeka amene afike 1 koloko. Ndaonapo kamtsikana katavala nsalu ya mitundu ya mbendera kakugwa chifukwa cha njala, gule wake asanavinidwe n'komwe.

Ahedi ndi makomiti a sukulu, mbendera siigona panja. Itsitseni madzulo, isakhudze pansi, ipindeni bwinobwino n'kuisunga mu ofesi, ndipo mvula ikayamba musaisiye ikuvumbwa sabata yathunthu. Sankhani ana awiri oikweza, muwaphunzitse kuti chakuda chokhala ndi dzuwa ndicho chimakhala pamwamba. Nyimbo ya fuko ili ndi ndime zitatu. Kodi ana anu amaidziwa yachiwiri? Ndipo ikamaimbidwa, aphunzitsi ndinu oyamba kuima njo, foni m'thumba. Inu ana, nzimbe ikhoza kudikira.

Lachisanu kuli msonkhano wa makolo kusukulu ya mdzukulu wanga uja. Ndikaimirira ndi nkhaniyi pamaso pa ahedi, ndipo chopereka changa chogulira mbendera yatsopano ndamanga kale pampango. Ndikufuna ikhale itakwera, dzuwa lili pamwamba, 3 March asanafike.