Wophunzira upolisi naye ndi munthu, muyezereni pogona

Ndapsa mtima kuyambira dzulo ndipo sindikhala chete. Mu minibus yochokera ku Lunzu munali mayi ena, mwana wawo amutenga kupolisi akupita ku training, ndiye amafunsa anthu kuti kodi amugulire trunk yaikulu kapena kachikwama basi, poti mwina kogonako kulibe poika katundu. Funso labwinobwino la kholo. Bambo wina wa jekete pampando wakutsogolo kuseka, ati mayi musavutike, ku training si ku hotela, amayenera kuwathithikiza ngati usipa m'thumba kuti atuluke ali amuna. Anthu n'kumaseka nawo. Mayi aja anangoti zii mpaka kutsika pa Kameza.

Bambo inu wa jekete, ngati mukuwerenga, munalakwa. Kupanikizana pogona si maphunziro ayi.

Ine ndine mmisiri womanga nyumba, tepi sichoka m'thumba mwanga, ndiye ndikamanena za malo ndikunena zinthu zoyezeka. Bedi ya munthu mmodzi ndi masentimita 90 m'lifupi, 190 m'litali, imeneyo yadya kale ma square metre 1.7 munthuyo asanatsitse phazi pansi. Ikanipo loka ya yunifomu, poika jombo, poyanika thaulo, kanjira kodutsa osaponda mnzako, katebulo kowerengera poti mwanayu akuloweza malamulo a dziko osati kuguba kokha. Zonsezi zimafuna malo, ndipo malo ali ndi nambala. Chipinda chogona ma recruit chikhale ndi nambala yake, yolembedwa, yomata pachitseko: muno mugona anthu mwakuti. Kaya ndi ku Limbe, ku Mtakataka, ku Mlangeni kapena ku Police College ku Zomba, muyezo ukhale umodzi ndipo aliyense audziwe, kholo lomwe.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti apolisi omwewa ndi amene amatiimitsa pamsewu kuwerenga mitu mu minibus. Mukakhala four-four pamzere wa anthu atatu, kondakitala atsika, chindapusa. Ndipo akhoza kutero, galimoto ili ndi malire. Nanga chipinda chilibe malire? Minibus mumakhalamo mphindi 40, m'chipinda munthu agonamo miyezi, usiku ndi usiku, akupuma mpweya wa mnzake. Ndiye wina aziseka kuti awathithikize?

Ena anayeza kale zinthuzi. Ku England kuyambira 2018 nyumba yalendi yokhalamo anthu ambiri osiyana mabanja, chipinda chogona wamkulu mmodzi sichingachepere ma square metre 6.51, cha awiri 10.22, ukachepetsa waphwanya laisensi. A Red Cross a ku Geneva amati mkaidi wogona chipinda chimodzi ndi anzake asachepere 3.4. Mabungwe othandiza anthu pa ngozi amayezera 3.5 pa munthu m'misasa, ija timaiona madzi akasefukira ku Nsanje. Taonani, mkaidi ali ndi nambala yake, wothawa madzi ali ndi nambala yake, koma mnyamata kapena mtsikana amene wadzipereka kuti atiteteze ife akuti ameneyo ayi, angolowa poti pali mpata. Zoona zimenezo?

Ndipo si nkhani ya ulemu wokha, ndi matenda. Pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse dokotala wa asilikali J. A. Glover anaona ku depoti ya Caterham ku England kuti mabedi akayandikana kwambiri tizilombo ta matenda oumitsa khosi timafala pakati pa ma recruit, atatalikitsa mabedi zinthu zinatsika. Zaka zoposa 100 zapitazo zimenezo. Ife pano tili ndi TB, mphere, nsikidzi, chimfine cha mu June, mmodzi akatsokomola pakona pofika Lachisanu chipinda chonse chili pamzere kuchipatala. Amene wagona ku hostel ya sekondale sindikumuuza zachilendo.

Muthamangitseni m'bandakucha, agube padzuwa mpaka thukuta lilowe m'maso, akwawe m'matope, palibe akukana, ntchito yake ndi yolimba. Koma akamaliza agone ngati munthu. Thupi limalimba pogona, mutu umasunga zimene waphunzira pogona. Munthu amene sanagone bwino miyezi yonseyo mukumupatsa mfuti ndi unyolo, mukuti akaganize bwino pa roadblock 2 koloko usiku?

M'mera mpoyamba. Mukamuphunzitsa kuti kuunjikana anthu ngati matumba a chimanga n'zabwinobwino, tsiku limene adzagwire makiyi a selo adzaunjika anthu chimodzimodzi osamva kanthu mumtima, adzati ifenso tinadutsamo. Mu 2009 khoti pa mlandu umene mkaidi Gable Masangano anasumira boma linanena poyera kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu n'kuphwanya ulemu wa munthu. Ulemu womwewo uyambire pa bedi ya wophunzira.

Ndalama n'zochepa, ofuna ntchito ndi ambiri, ndikudziwa. Koma tepi ndi yotchipa. Werengani mabedi kaye kenako muitane anthu, osati kuitana anthu kenako muzisaka powagoneka. Mabedi 300, ma recruit 300, basi. Otsalawo intake yotsatira, kapena mangani block ina, amisiri tilipo, njerwa zilipo. Ndipo atsikana akhale ndi malo awo okwanira, bafa lotseka, osati kungotchinga ndi chitenje.

Pa pass-out tonse timapita, band ikuimba, jombo zikuwala, amayi nthungululu, akuluakulu pa tenti. Chikomekome cha mkuyu. Ndani mwa ife anapemphapo kuti tione kumene mwanayu wakhala akugona? Palibe, timangojambula zithunzi za pa WhatsApp.

Ndiye akatuluka kumeneko apita kuti? Ku malayini. Dutsani pa malayini apolisi ena muone tinyumba takale, banja lonse ana asanu chipinda chimodzi ndi pabalaza, mtsikana wa Fomu 3 akuwerengera pakhonde. Ena akuchita lendi m'makwalala momwe muli anthu amene anawamanga dzulo. Nyumba 10,000 za achitetezo zija boma linalonjeza, tiuzeni zatha zingati ndipo zipinda zake ndi zazikulu bwanji, ndibwera ndi tepi yanga.