Lekani Kunena Kuti Temwa Chawinga Amangothamanga

Ana inu, khalani pansi ndikutsineni khutu. Loweruka lapitali ndinabisala mvula pa malo ena oonetsera mpira kwathu kuno, ndili ndi mdzukulu wanga wamkazi wa zaka 12, ndipo tinapeza anyamata atatu akukangana za Temwa Chawinga. Mmodzi ankati ndi katswiri. Awiri enawo ankamuseka, amvekere: "Aaa, ameneyo luso alibe, amangothamanga basi. Mutamuchotsa liwiro watha." Ndinawafunsa kuti aonerapo masewera angati a Kansas City Current, timu ya Temwa ya ku America, kuchokera pa wezulo yoyamba mpaka yomaliza. Anangoyang'anana. Ngakhale amodzi omwe. Zonse zimene akudziwa anazitola pa tizidutswa ta kanema timene timayenda pa Facebook ndi WhatsApp, tija timatha musanameze n'komwe malovu. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo ndi zimene mukuchita inuzi.

Mwana wa ku Rumphi ameneyu m'chaka cha 2023 anamwetsa zigoli 63, kuphatikiza za ku timu yake ya ku Wuhan m'dziko la China ndi za Scorchers. Chaka chomwecho anathandiza Malawi kutenga chikho cha COSAFA koyamba, titagonjetsa Zambia 2-1 mu ndime yomaliza, iye atamwetsa zigoli 9 mu mpikisanowo. Ena anati ku China n'kophweka, akapite kokhwima tikamuone. Anapitadi ku America, mu ligi ya mpira wa amayi ya NWSL, ndipo m'chaka chake choyamba, cha 2024, anamwetsa zigoli 20, kuposa 18 zimene Sam Kerr wa ku Australia anamwetsa mu 2019. Panalibe timu ndi imodzi yomwe mu ligiyo imene sanaichinye. Anamusankha kukhala wosewera wopambana onse. Ndiye inu, amene kuthamangira minibasi kokha mumapuma ngati mwatuta matumba a chimanga, mukuti amangothamanga?

Mukanakhala oonera mpira ndi maso, mukanadziwa kuti liwiro limene mumaona pa kanemalo ndi mapeto chabe a ntchito. Chiyambi chake chimachitika mpira usanamufike, kamera ili kwina. Wosewera kutsogolo amayenera kudziwa pamene wotchinga womaliza waima, apo ayi woimbira amuimbira ofusayidi. Akanyamuka msanga ndi phazi limodzi, wagwidwa. Akachedwa ndi phazi limodzi, mpata watsekeka. Amayenera kuima kumbuyo kwa phewa la mdani, kumene mdaniyo sangaone mpira ndi munthu nthawi imodzi, kenaka n'kuwerenga mwendo wa mnzake wopatsirayo kuti adziwe nthawi yonyamukira. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma Temwa sayambira limodzi ndi wotchinga. Amakhala atayamba kale m'mutu mwake mnzakeyo akadaganiza.

Ndipo mpira ukafika, yesani inu kuulandira muli pa liwiro lonse. Ukaugunda kwambiri wapita kwa goloboyi, ukaugunda pang'ono wakukola m'miyendo, amene unamusiya uja wakupeza. Ukatero watsala ndi goloboyi amene akubwera atatambasula manja, mtima ukugunda, mapapo akutentha, ndipo uyenera kusankha mbali m'kuphethira kwa diso. Anyamata ambiri aliwiro amene ndawaona m'mabwalo athu afumbi amafika pamenepa n'kuuponya m'munda mwa eni. Kumwetsa zigoli 20 ndiye kuti wafika pamenepo kambirimbiri mutu uli m'malo. Kumbukiraninso kuti aphunzitsi a matimu a ku America ali ndi makanema a masewera ake onse, amakhala sabata yathunthu akukonza zomutsekera njira, ndipo otchinga awo si akamba ayi, ndi othamanga zedi. Onse akudziwa chimene achite, komabe amawachinya.

Likanakhala kuti liwiro palokha limamwetsa zigoli, bwenzi Usain Bolt ali mfumu ya mpira. Munthu ameneyu anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, ndipo mpaka lero palibe wamuposa. Mu 2018 anakayesa mpira ku timu ya Central Coast Mariners ku Australia. Anamwetsa zigoli ziwiri m'masewera opimana mphamvu, koma anachokako osasaina mgwirizano, ndipo nkhani ya mpira inathera pomwepo. Miyendo anali nayo yoposa ya munthu aliyense padziko. Zinazo, zimene mukuti Temwa alibe, ndi zimene zinamusowa.

Komanso ndani anakuuzani kuti liwirolo ndi chinthu chotola panjira? Kuthamanga kamodzi aliyense angathe. Kuthamanga kachiwiri, kachikhumi, pa mphindi ya 85 miyendo italema, kubwerera kukathandiza kulanda mpira kenaka n'kunyamukanso, zimenezo zimafuna kulimbitsa thupi tsiku ndi tsiku, kudya mosamala, kugona pa nthawi yake ndi kudziletsa pa zambiri zimene anzako akusangalala nazo.

Chimene chandilembetsa si Temwa mwini. Iye ali kutali, mawu anu a pa benchi samuchotsera kanthu. Nkhawa yanga ili pa ana amene amakumvani. Ndaona aphunzitsi a matimu a ana m'madera mwathu, amene amamva zonena zanuzi n'kuzikhulupirira, akutenga mtsikana waliwiro n'kumuimika kutsogolo, ena onse n'kuwauza kuti muzingoumenya wautali iye azithamangira. Mwanayo saphunzitsidwa kulandira mpira, kupatsira, kuyang'ana uku ndi uku, ngakhale kugwiritsa ntchito mwendo wamanzere. Akafika zaka 17 n'kukumana ndi anzake aliwiro ngati iye, amapezeka alibe china chogwira, amakhumudwa n'kuusiya mpira. Mwamuphera tsogolo ndi bodza lakuti a Chawinga anafika kumene ali ndi miyendo yokha. Mkulu wake Tabitha anatsogola pa omwetsa zigoli ku Italy ali ku Inter Milan, chaka chotsatira anachitanso chimodzimodzi ku France ali ku Paris Saint-Germain. Maiko osiyana, kaseweredwe kosiyana, aphunzitsi osiyana. Nayenso muziti amangothamanga?

Pali china choipitsitsa, ndipo apa ndiye ndikukalipa. Mmodzi wa anyamata aja atasowa choyankha anati: "Komanso amathamanga ngati mwamuna, tikudabwa nazo." Anzake anaseka. Mawu amenewa ndi onyansa, ndipo mumawalemba tsiku ndi tsiku pansi pa zithunzi za atsikana athu ngati n'zocheza. Tabitha mwini anaulula poyera kuti ali wamng'ono anamuvulapo pa bwalo kuti anthu atsimikize ngati ndi mkazi. Taganizani, mwana wa munthu, pamaso pa gulu. Zimenezo sizinayambe ndi manja a omuvulawo, zinayamba ndi pakamwa pa anthu onga inu amene anaona mtsikana akuchita bwino n'kuyamba kunong'onezana. Barbra Banda, wosewera mpira wa ku Zambia, naye wamva zonyoza zofananazo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata, ndipo zimene mumalemba pa intaneti sizifufutika ngakhale mutakula n'kubereka ana aakazi anuanu.

Mdzukulu wanga uja amasewera mpira ku sukulu, ndipo ndi waliwiro. Tikubwerera kunyumba anakhala chete njira yonse, kenaka pafupi ndi chipata anandifunsa kuti: "Agogo, ndiye ndikamawapitirira anzanga anthu aziti ndine mwamuna?" Ndinamuyankha kuti ayi, koma ndinaona kuti sanakhutire. Lolemba sanatenge nsapato zake za mpira.

Inu anyamata atatu, mukudzidziwa, ndipo makolo anu ndimawadziwa. Ndalankhula ndi mwini malo aja, wavomera kuti tsiku lina atiikire masewera athunthu a Temwa. Mudzabwere, mudzakhale pafupi ndi ine, mafoni ali m'thumba, ndipo mudzayang'ane iye yekha mpira uli kutali naye kwa mphindi 90 zonse. Mwana uja ndidzabwera naye, mudzamupepese pamaso panga.