Lamba yekha sakwanira pa kireni

Nkhani yanu yanena zoona kuti anthu amagwa chifukwa chokwera kireni osavala lamba wachitetezo, koma mlandu wonse mwaunjika pa antchito, ndipo pamenepo sindikugwirizana nanu. Ife amene timagwira ntchito yomanga kuno ku Johannesburg timaona zina. Munthu amapatsidwa lamba wa chingwe chimodzi chokha. Akafika poti asunthe ngowe amayamba waimasula, ndiye kwa kanthawi kameneko ali m'mwambamo opanda chomugwira. Zingwe zizikhala ziwiri, ukole china usanamasule chinzake. Nanga makwerero aja? Nthawi zina umapeza ali girisi yekhayekha, wina akukwera sipanala ili m'manja pomwe manja onse akufunika pachitsulo.

Chomwe chimandiwawa kwambiri simunachitchule. Munthu akagwa n'kutsala akulendewera pa lamba, magazi amadzadzana m'miyendo ndipo akhoza kukomoka pakangopita mphindi zochepa. Amutsitse ndani, ndi chiyani? Malamulo a zomangamanga a 2014 kuno ku South Africa amalamula kuti kontirakitala akhale ndi ndondomeko yopulumutsira munthu wotere. Abale athu ambiri amaopa kufunsa za ndondomekoyi poopa kuchotsedwa ntchito, makamaka amene mapepala awo sali bwino.