Kusuma wokuberani nyimbo si tchimo

Wolemba nkhani ina akuti Mkhristu amene waberedwa nyimbo kapena buku angokhululuka, poti 1 Akorinto 6 imaletsa kusumirana. Pamenepa sindikuvomereza kwathunthu. Paulo ankanena za milandu ya abale a mumpingo. Nanga amene akuthira nyimbo za kwaya m'mamemore khadi kumsika wa Mzuzu n'kumagulitsa, mumutengera kwa abusa ati?

Ngati ndi m'bale, tsatani Mateyu 18:15-17: kambiranani awiri, zikakanika tengani mboni imodzi kapena ziwiri, kenako mpingo. Zomwe mwagwirizana zilembedwe, onse asayine.

Akakhala wakunja kwa mpingo, sungani kaye umboni: mafayilo oyamba a ku situdiyo, malisiti, ndipo gulani khadi limodzi la nyimbo zobedwazo. Mulembereni kalata kuti asiye. Akakana, kadandauleni ku COSOMA (bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi mabuku m'Malawi), khoti likhale lomalizira. Lamulo la Copyright la 2016, loteteza umwini umenewu, lilipo.

Koma abale anga, chimene chimagwetsa makwaya ambiri n'kujambula popanda mgwirizano wolemba. Wopeka akuti nyimbo ndi yake, kwaya ikuti ndi yathu, nayenso wojambula wagwira mafayilo. Zikafika kukhoti chotere, ndalama zimathera kwa maloya musanatsimikize n'komwe mwini wake.