Uzungu wa m'sitolo umene akutigulitsa kuno ku Mangalande

Abale anga a kumudzi, chonde lekani kunditumizira mauthenga pa WhatsApp oti ndikugulireni jekete la ku Mangalande lenileni. Ndatopa nazo. Ndalama zanga ndimazipeza pochezera usiku wonse kusambitsa nkhalamba ndi kuzitembenuza pabedi, ndiye sindingazitayire pa dzina losokedwa pakolala.

Pajatu chimene amagulitsa kuno ndi dzina basi. Kampani ya zovala zodula ya Burberry inayamba mu 1856 ku Basingstoke, ndipo mpaka lero imatsatsa malonda ndi mvula, maambulera ndi nyumba zakale za mabwana, kuti wogula azimva ngati naye ndi Mngelezi. Koma mu 2007 inatseka fakitale yake ku Treorchy, ku Wales, anthu pafupifupi 300 ntchito n'kuwathera, kusokako n'kupita kunja kumene atelala amalandira zochepa. Mu 2018 zinaululika kuti inawotcha katundu wosagulidwa wa mapaundi oposa 28 miliyoni m'chaka chimodzi, kuopa kuti akatchipa dzina litsika. Kuwotcha zovala, anthu akugona panja m'chisanu! Anasiya atawakuwiza anthu. Nsapato za Dr. Martens nazo zambiri zinasamukira ku Asia mu 2003. Pindani lilime la nsapatoyo muwerenge nokha kumene inapangidwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ife tinameza zimenezi kalekale. Kamuzu sankaoneka pagulu opanda suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa chake chija, ndipo lamulo la 1973 linaletsa amayi kuvala thalauzi mpaka 1993. Bambo anga ankapita kutchalitchi atamanga tayi mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, kolala itanyowa, akukhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu wolemekezeka amavala choncho. Oweruza athu akadavalabe mawigi m'khoti. Thonje timalima tokha ku Chikwawa ndi ku Nsanje, koma timakalimbirana kaunjika ku Limbe, zovala zomwe anthu akuno amaziika m'matumba pakhomo atatopa nazo.

Nanga eniake amavala chiyani? Kwerani basi ya 6 koloko m'mawa muone. Thirakisuti, juzi la kachipewa, nsapato zothamangira, zambiri za ku Primark, sitolo ya zovala zotchipa. Jekete lopaka phula la Barbour ndi suti za atelala odula a ku Savile Row ku London n'za anthu a minda ndi mahatchi, komanso alendo amene amadzaza m'sitolo za mayina otchuka za ku Bicester Village kudzagula Ungelezi wa m'pepala.

Ndipo ngakhale uvale bwanji, sakuwerengera. Ndinapita kukaona chipinda cha lendi nditatchena suti, shati yosita, nsapato zopolisha. Pafoni mwini nyumba anali wansangala. Atatsegula chitseko anandiyang'ana kumaso, suti ija osaiona n'komwe, n'kunena kuti chipinda chapita kale. Mawa lake chinali chikadali pa intaneti. M'sitolo zodula mlonda amakutsata shelefu ndi shelefu, pamene ndalama yako patilu amailandira ndi manja awiri.

Mu Malichi 2024, boma la kuno linaletsa wobwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba kubwera ndi mkazi, mwamuna kapena ana. Mnzanga amene timagwira naye usiku anasiya mwana wa zaka 3 ku Zomba, ndipo amamuonera pafoni nthawi yopuma, atakhala pamasitepe, asanabwerere kukasintha zofunda za amayi a eniake.