"Netiweki palibe" si yankho lopatsa munthu wochokera ku Malingunde

Lachiwiri m'mawa, pa ofesi ina ya boma muno mu Lilongwe, mayi ena achikulire ochokera ku Malingunde anafika pazenera ataima pamzere kuyambira 6 koloko. Mapepala awo anali atawapinda m'kajumbo ka shuga, n'kumangirira pansonga ya chitenje. Mfundo ija sanamasule n'komwe. Kalaliki anangoloza ndi cholembera pepala lomata pagalasi: "Netiweki palibe, mubwere mawa." Mayiwo anati, "Mwana wanga, kano n'kachitatu." Iye anati, "Ife sitingachitepo kanthu, amayi," n'kutseka kazenera.

Zandinyansa kwabasi. Mawu akuti sitingachitepo kanthuwo ndi bodza. Kalalikiyo payekha inde alibe mphamvu, koma mabwana amene anachotsa kaundula wa pamanja n'kuika kompyuta pakauntalapo ali nazo zochita, ndipo akuzidziwa. Walira mvula walira matope. Munafuna kuti ntchito za boma ziziyendera pa intaneti, ndiye munayenera kukonzeratu za tsiku limene intanetiyo yadula. Simunakonze, ndipo amene akulipira ulesi wanuwo ndi mayi amene wagulitsa ndowa ya chimanga kuti apeze ya kabaza ndi ya minibasi.

Netiweki si mzimu woti umabwera ndi kuchoka mwa kufuna kwake. Ndi zipangizo zoti mutha kuzigwira ndi manja. Kompyuta ya pakauntala imalumikizidwa ku switch, kabokosi kolumikiza makompyuta a mu ofesi, switch ku rauta, kabokosi kolowetsa intaneti, rauta ku chingwe cha intaneti chotchedwa faiba chimene chadutsa pansi m'mbali mwa msewu, chingwecho n'kukafika ku seva, kompyuta yaikulu imene ikusunga maina athu. Akamati netiweki palibe ndiye kuti chimodzi mwa zinthu zimenezi chafa, ndipo munthu wodziwa ntchito yake amachipeza pasanathe mphindi 10. Ayang'ana timagetsi ta pa rauta. Tikakhala tozima tonse, vuto ndi magetsi. Kakayaka kofiira pa kabokosi ka faiba, chingwe chaduka penapake, kawirikawiri pamene akukumba msewu, ndipo mu Lilongwe muno zaka zapitazi takumba mokwanira, kuyambira ku Kenyatta Drive mpaka msewu wa M1 wopita ku Kanengo. Tikakhala kuti tonse tikuyaka bwinobwino koma sikirini ikungozungulira, vuto lili ku seva: yadzaza, yazima, kapena laisensi ya pulogalamu inatha chifukwa wina sanalipire kampani imene inaipanga. Mavuto atatu osiyana, mankhwalanso atatu osiyana. Koma pagalasi paja amalembapo mawu amodzimodzi chaka chonse, kuti munthu asafunse kuti walakwitsa ndani.

Taonani za magetsi. Rauta ndi switch pamodzi zimadya mawatsi ngati 30, mofanana ndi mababu ochepa a m'nyumba. Batire imodzi ya 12V 100Ah, yomwe ija anthu amaonerera mpira kumudzi, ngakhale mutagwiritsa theka lokha la mphamvu yake, ikhoza kuyendetsa zipangizo ziwirizi kuyambira potsegula ofesi mpaka poweruka, n'kutsalako. Muikepo sola imodzi padenga, nkhani yatha. Pakauntala muike laputopu, imene ili ndi batire yakeyake, m'malo mwa chikompyuta chachikulu chimene chimazima magetsi akangophethira. Nanga timapeza chiyani m'maofesimu? Ka UPS, kabokosi ka batire koyendetsa makina magetsi akazima, kali pansi pa tebulo, fumbi lili mbuu, batire yake ya 7Ah inafa kalekale. Mabatire amenewa amatha pakadutsa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo kuno kotentha, kozimazima magetsi, amafa msanga kuposa apo. Palibe amaika ndalama yosinthira mu bajeti. Kugula makina atsopano aliyense amathamangira chifukwa pali kudula riboni ndi ma alawansi. Kusintha batire kulibe mwini.

Za chingwe n'chimodzimodzi. Ofesi yothandiza anthu mazanamazana patsiku ingadalire bwanji njira imodzi? Alipo ma rauta olowa zingwe ziwiri, ena olowanso simu khadi ya 4G. Faiba ikaduka amadzisinthira okha ku njira yachiwiri pa masekondi ochepa, kalaliki osadziwa n'komwe kuti chachitika n'chiyani. Chofunika n'chakuti njira yachiwiriyo ikhale ya kampani ina, yosadutsa m'ngalande yomweyo, apo ayi thalakitala imodzi idula zonse. Ma ajenti a Airtel Money ndi TNM Mpamba pa depoti paja anazindikira kale zimenezi, amakhala ndi mafoni awiri atatu patebulo. Mnyamata wa pansi pa ambulera wakonzekera, boma lonse lathunthu ayi.

Ndipo chimene chikundipweteka koposa n'chakuti ntchito zambiri za pakauntala sizifuna intaneti pa mphindi imeneyo. Kulemba dzina, kujambula nkhope, kutenga zidindo za zala, zonsezi kompyuta itha kusunga mwa iyo yokha, n'kupereka lisiti yokhala ndi nambala, kenako n'kutumiza ku seva netiweki ikabwera, kaya ndi usiku. Kukula kwa zinthu za munthu mmodzi sikusiyana kwenikweni ndi zithunzi zingapo za pa WhatsApp. Musandiuze kuti sizitheka ku Malawi. Mu 2017 a NRB, bungwe lopereka ziphaso za unzika, analembetsa anthu opitirira 9 miliyoni m'miyezi ngati 6 yokha, ndi makina oyendera sola, pansi pa mitengo ndi m'makalasi a sukulu za pulayimale, kumidzi kumene foni imagwira ukakwera pachulu. Zinatheka ku Chitipa, zinatheka ku Nsanje. Lero zikanike bwanji mu likulu la dziko, pamtunda woti utha kuyenda wapansi kukafika ku Capital Hill?

Ndalama zinalowa, zimenezo tisanamizane. Mu 2017 momwemo World Bank inavomereza madola 72.4 miliyoni a ku America a pulojekiti ya Digital Malawi. Kampani ya Huawei inayala faiba ya boma yodutsa m'maboma, mu 2022 tinatsegula malo osungira deta a dziko ku Blantyre, MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, ili ndi thumba la Universal Service Fund lofikitsira netiweki kumene makampani sakufikako. Zonsezo n'zabwino ndipo ndikuzifuna. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Faiba ya makilomita mazanamazana ilibe phindu kwa mayi a ku Malingunde ngati mamita 20 omaliza, kuchokera pakhoma la ofesi kufika pakauntala, akudalira batire yakufa. Kumayambiriro kwa 2024 dziko lonse linakhala masabata angapo osasindikiza mapasipoti, mpaka Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makinawo ndipo akufuna dipo. Phunziro linali poyera: chilichonse chokhala ndi njira imodzi tsiku lina chidzaima. Tinaphunzirapo chiyani?

Adzakuuzani za kusowa kwa ndalama zakunja, za ESCOM, za mbava zodula zingwe. Tamva. Zimenezo sizimuletsa munthu kutumiza uthenga.

Eya, uthenga! Pa fomu iliyonse amatilembetsa nambala ya foni. Amaifuniranji ngati sangatumize ka SMS kamodzi konena kuti amayi musanyamuke, makina sakugwira, tikuuzani akakonzeka? Ngati zimenezo zavuta, lembani maina a amene mwawabweza m'buku, muwapatse manambala, mawa ayambire iwowo. Mmene zililimu, wobwezedwa lero akayambiranso kumchira mawa, ndipo wochokera kutali ndi amene amafika mochedwa nthawi zonse. Wa ku Area 47 abwerera pa galimoto n'kudzayesanso masana. Wa ku Kasiya, wa ku Nsaru, wa ku Mitundu wataya tsiku la kumunda, wataya ndalama ya ulendo wopita ndi wobwerera, wagona ndi njala pakhonde la m'bale wake ku Mchesi. Pageti paja madobadoba ali tcheru, akunong'oneza anthu kuti bwana mukandiganizira zitheka lero lomwe. Netiweki imene kulibe kwa wosauka imapezeka bwanji kwa amene wapereka ya fanta? Kubweza munthu chifukwa cha makina anu ndi kumulanga pa mlandu umene sanapalamule, ndipo muleke.

Nanga za mafotokope zija? Chiphaso cha unzika chili ndi kachipu, chili ndi QR code, kabokosi ka timadontho, kumbuyo, anachipanga dala kuti makina azichiwerenga pa sekondi imodzi. Koma ofesi iliyonse ikuti pitani mukachite fotokope, kutsogolo ndi kumbuyo, makope awiri. Munthu atuluke pamzere, awoloke msewu, akapeze kuti kwa wa fotokope nakonso magetsi azima. Mapepalawo amathera m'makatoni pansi pa masitepe, nkhope zathu ndi manambala athu zili pambalambanda, chonsecho tili ndi lamulo la 2024 loteteza deta, zinsinsi za munthu ngati zimenezi. Amene amawerenga makatoni amenewo ndani?