Kuwala kwa palladium sikungokometsa mphete

Olemba nkhani, mwanena kuti palladium ndi chitsulo chokondedwa chifukwa n'choyera mbee ndipo sichida monga siliva, koma mwasiya mbali imene ine ndikuiona kuti ndi yofunika koposa. Chitsulochi chimamwa mpweya wa hydrogen wochuluka kuwirikiza kukula kwake pafupifupi ka 900, ndipo chikatero, kagawo kake kopyapyala kamachepetsa kubweza kuwala. Akatswiri amamata kagawoka kunsonga kwa ulusi wa galasi wodutsamo kuwala, ndipo kuwala kobwerera kukachepa amadziwa kuti mpweyawu ukutuluka pena pake. Ubwino wake ndi woti pamalo oyezerapo sipadutsa magetsi amene angathetheke n'kuyatsa mpweyawo, womwe suchedwa kugwira moto. Owerenga anzanga, mphete zimangotenga pang'ono chabe; palladium wambiri amathera m'zida zoyeretsa utsi wa galimoto za petulo.